Mwana wa Matroni Sagona M'hositelo

Atsikana a pasukulu yakudambo sankawatchula dzina lawo lenileni. Ankangoti Amakiyi, chifukwa munthu ankayamba wamva makiyi akulira m'chiuno, kenako mwini wake n'kutulukira pakona, tsinya lili pamphumi. Dzinalo linakula mpaka kudumpha mpanda. Kumsika ankawaitana choncho, ndipo amuna awo omwe, zikawakwana, ankati, "Amakiyi inu, pano si pahositelo."

Anali matroni. Kwa amene simuidziwa ntchito imeneyi, ndi kukhala mayi wa ana a eni amene sanakupemphe kuti ukhale mayi wawo. Uwadzutse, uwathamangitsire kubafa, usuzumire kunsi kwa mabedi, wodwala umuperekeze kuchipatala, wolira kufuna kwawo umutonthoze. Zonsezi Amakiyi ankachita, koma kutonthozako ndiye kunkawavuta. Mtsikana akachedwa kudzuka, ankamuvundukula bulangete osafunsa. Akapeza foni yobisidwa m'pilo, sankangolanda ayi. Ankaima pakati pa hositelo n'kuwerenga mauthenga ake mokweza, mawu achikondi onse aja, mwini foni ali pomwepo akusowa pobisa nkhope. Pakamwa pawo, abale, sipanali poyamba dala.

Komabe tisawanamizire, sanali munthu woipa. Iwo sanagonepo m'hositelo. Ali mtsikana, makolo awo anawapezera sekondale yoyendera kutali ndi kwawo, n'kuwachitira lendi kachipinda kuseri kwa golosale, pamodzi ndi anzawo awiri. Kunalibe wamkulu wofunsa kuti mukuchokera kuti, mwadya chiyani, uyu akugogodayu ndani. Chaka chisanathe, mnzawo wina anatenga mimba ya mwini golosaleyo, winayo anathawa ndi wokonza mawayilesi. Iwo anatsala okha m'kachipindamo mpaka mantha anawabweza kunyumba, sukulu n'kuthera pomwepo. Pasukulu yakudambo anayamba ndi kukolopa, kenako kuchapa makatani ndi nsalu za m'chipinda cha odwala. Matroni wakale atapuma, ahedi anawapatsa makiyi. Ndiye akamakalipira mtsikana wopezeka pampanda akunong'onezana ndi mnyamata, mumtima ankakhala akukalipira mwini golosale uja. Koma wolandira mawuwo akanadziwa bwanji zimenezo?

Kwawo kunali kunja kwa mpanda wa sukulu, kanyumba ka malata okhala ndi dzimbiri. Kutsogolo kwake kunali shedi ya amuna awo, owotcherera zitsulo, munthu wa mawu ochepa ndi malaya obookabooka ndi moto. Sukulu ikatsegulidwa, Amakiyi ankagona m'kachipinda ka pakhomo pa hositelo. Kunyumba ankafikako masana atsikana ali m'kalasi, n'kuphika, kusesa, kutsuka mbale zimene bambo ndi mwana asiya, n'kubwerera. Nthawi imeneyo mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ankakhala alinso kusukulu kwake. Ankadziwa kuti amayi anafika poona poto wofunda ndi masokosi ake atayanikidwa pachingwe.

Mwanayo ankamutcha Kachala. Aphunzitsi asanamalize funso, kachala kake kankakhala kali kale m'mwamba, mpaka anzake anaiwala dzina lake lenileni. Anali wamutu ndithu. Atafika kalasi yomaliza ya pulayimale, aliyense pamsewupo ankadziwa kuti ameneyu ndi wa sukulu yogonera komweko. Funso linali lakuti iti.

Aphunzitsi ake anaitanitsa makolo. Anali mayi wachikulire wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, wolankhula pang'onopang'ono. Anafotokoza kuti sukulu iliyonse yogonera imalembetsa yokha ana ofuna malo, n'kuwapatsa mayeso akeake olowera. Ya pamtunda, yotchuka ija, imatenga ochepa pa chinamtindi cha ana, ndipo zotsatira zake zimatuluka mochedwa, sukulu zina zitatseka kale kulembetsa. Ya tsidya la mlatho ndi yabwinonso, koma mayeso ake agwera Loweruka lomwelo ndi a pamtunda.

"Ndiye mayi," anatero aphunzitsiwo, "mulembetseni pamtunda, palibe akukana. Koma mulembetseninso kudambo kumene mumagwira ntchito. Kumeneko mwana wa wantchito amamusungira malo, bola alembe mayeso n'kukhoza, ndipo uyu angakhoze atatsinzina. Akamutenga pamtunda, malo akudambo mudzangowasiya. Palibe adzakumangeni."

"Mapanga awiri avumbwitsa, aphunzitsi," anayankha Amakiyi. "Mwana ukamuuza kuti pansi pali matiresi, amadumpha mwaulesi. Wanga ndi wa pamtunda basi."

"Mutu ali nawo, sindikukana. Koma tsiku la mayeso ndi limodzi. Mwana amadzuka ndi malungo, amachita mantha, amakumana ndi funso limene sanalionepo."

"Zikomo, aphunzitsi, tamva."

Amene amawadziwa Amakiyi amadziwa kuti "tamva" wawo ndi chitseko chotsekedwa. Aphunzitsi anayang'ana bambo a mwanayo, koma iwo ankangopotokola chipewa pamaondo.

Nkhani inakaphulikira kushedi. Bambo a Kachala anazimitsa makina, n'kukankhira chigalasi chakuda pamphumi.

"Amake mwana, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ndi wa mphepo. Sukulu ili pakhomo pompa, malo akutiitana okha, inu mukukana. Mwatani kodi?"

"Kudambo ndimakudziwa ndine. Nsikidzi zake, madzi ovuta, nyemba zofumbwa. Mwana wanga akagone m'menemo?"

"Nanga ana a eni ogona m'menemo si anthu? Sakhoza mayeso? Mabedi ake ndinawotcherera ndine, sanagwetsepo mwana."

"Inu dziwani za mabedi. Za ogonapo ndisiyireni ine."

Bambowo anatsitsa chigalasi chawo, makina n'kuyambanso kulira. Pabanjapo mikangano inkatha choncho.

Tsono za nsikidzi ndi nyembazo linali bodza, kapena tinene kuti chinali choonadi chovalira pamwamba. Chenicheni chinali china. Zaka zingapo m'mbuyomo, mwana wa akhuki, ophika a pasukulupo, analowa m'hositelo pa malo omwewo a ana a antchito. Mwezi womwewo Amakiyi anapeza mafoni ndi kaketulo kamagetsi zitabisidwa kudenga. Palibe anawauza. Anangoona zidindo za zala zakuda pabolodi loyera la siling'i. Koma atsikana anati waulula ndi mwana wa akhuki, kazitape wa matroni. Anamuthirira madzi pamatiresi. Anamudulira siketi ndi lumo ili pachingwe. Akakhala patebulo kuholo yodyera, onse ankanyamuka ndi mbale zawo. Amakiyi anakalipa, anapereka zilango, ndipo chilango chilichonse chinkangowonjezera moto pa mwanayo. Chaka chisanathe ananyamula katundu wake, ndipo m'kalasi sanabwererenso. Chonsecho akhuki anali munthu wokondedwa, wowonjezera chipande akaona mwana wowonda. Nanga mwana wa Amakiyi akanamuchita chiyani?

Amakiyi ankadziwa mmene atsikana ankawadera. Zolembedwa pamakoma a zimbudzi ankaziwerenga asanazipale okha ndi chitsulo, kuti wokolopa asazione. Panali tsiku lina anapeza atawajambula ndi makala, mano ngati a ng'ona, makiyi ali m'khosi. Anapala, n'kukasamba m'manja, n'kupita kunyumba kukaphika. Kunyumba sananenepo. Kachala ankadziwa kuti amayi ake ndi munthu wolemekezeka amene atsikana akuluakulu amamupatsa njira. Kumuuza chifukwa chenicheni kukanakhala kumuuza kuti amayi ako amadedwa, ndipo kudedwako kudzagwera iwe. Anali ndi mantha, analinso ndi manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene anawatseka pakamwa.

Lamlungu lina masana, akumuluka tsitsi pakhonde, Kachala anayesa.

"Amayi, anzanga onse alembetsa kuwiri. Ine kudambo sindikukuda ayi. Mwinanso..."

"Wayamba kale kugonja usanalowe m'chipinda cha mayeso?" Anakoka tsitsi mpaka mutu wa mwanayo unapendekeka. "Kudambo si kwako. Ndisadzamvenso."

Mwana woti m'kalasi sankasiya funso likudutsa, apa ankangoyang'ana nyerere pasimenti.

Ahedi nawo anawaimitsa pakhonde la ofesi sabata yotseka kulembetsa. Anali mayi wamtali wosakonda kubwereza mawu.

"Matroni, dzina la mwana wanu sindinalione."

"Akupita pamtunda, ahedi."

"Zabwino zimenezo. Koma dziwani kuti adalaivala apempha malo a mwana wawo. Tikatseka tatseka, ndipo wosalemba mayeso athu salowa. Lamulo limenelo si langa."

Mawu amenewo anawasowetsa mtendere. Tsiku lotseka lenilenilo anagonja. Anatenga tizithunzi ta Kachala ndi lipoti lake la sukulu, n'kuziika m'chikwama, osauza munthu. Ulendo wa kuofesi anadzera kuseri kwa hositelo, kumene atsikana amayanika zovala. Mabulangete anali atapachikidwa mzere wonse, ndipo kuseri kwake kunkamveka mawu. Mwachizolowezi cha ntchito, Amakiyi anagwira makiyi ndi dzanja kuti asalire.

"Ndamva kuti ali ndi mwana, akumaliza pulayimale chaka chino."

"Amakiyi ali ndi mwana? Anamubereka kapena anamulanda?"

Kuseka.

"Akuti mwina abwera konkuno."

"Abwere! Tidzamulandira bwino. Bedi lake tidzamuyalira tokha."

Anasekanso, kuseka kwa ana ndithu, kopanda ngakhale mkwiyo, ndipo ndi kumene kunawaopsa kwambiri. Tsiku lina lililonse akanang'amba bulangetelo n'kuwagwira onse makutu. Tsikuli anabwerera chambuyo, makiyi ali chigwirire, mpaka m'kachipinda kawo. Anakhala pabedi chikwama chili pamiyendo kufikira atamva alembi akukhoma ofesi.

Loweruka la mayeso anakwera basi m'mamawa, mayi ndi mwana. Pamtunda, inu! Udzu wometedwa bwino, mawindo onse ali ndi magalasi, magalimoto atandanda mpaka kunja kwa geti. Ana anali ngati nyerere, ena atanyamula mabuku a mayeso akale a sukulu yomweyo, amene Kachala sanawaonepo. Mayi wina wa nsapato zazitali ankauza mnzake kuti wake walembetsa sukulu zitatu, ndipo wakhala ndi mphunzitsi wapadera chaka chonse. Amakiyi anayang'ana kumbali. Anadikira pansi pa mtengo dzuwa mpaka kupendeka, buledi amene anatenga osamukhudza.

Kachala anatuluka milomo itauma.

"Zayenda bwanji?"

"Chingerezi chinali bwino. Masamu anali ndi zina zimene sitinaphunzire. Ndinayesa."

"Wakhoza iwe. Tiye."

M'basi mwanayo anagona atatsamira paphewa lawo. Iwo anakhala chiwongokere njira yonse kuopa kumudzutsa, mtima uli m'mwamba.

Kudikira kunali kwakutali. Bambo a Kachala, amene anagonja pa mkangano, anaonetsa kugonjako mwa njira yawo. Anadula malata olimba n'kupanga bokosi lachitsulo la katundu wa kusukulu, la zogwirira ziwiri ndi pokhomera loko, n'kulipaka utoto wobiriwira. Linakhala pakona m'chipinda chochezera, fungo la utoto lili nyumba yonse. Kudambo mayeso analembedwa, zotsatira zinatuluka, mwana wa adalaivala anapeza malo. Adalaivala anayenda sukulu yonse akugwira anthu chanza. Amakiyi nawo anawagwira chanza, n'kunena kuti zikomo kwambiri, mwana walimbikira.

Za pamtunda zinamatidwa pageti patapita milungu. Amakiyi anapita okha. Anayendetsa chala pa mayina a otengedwa kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako kuchokera pansi mpaka pamwamba, ngati dzina lingabisale. Linali pa pepala lina lapambali, la odikirira, oti adzaitanidwa ngati wina wasiya malo. Mlonda wa pageti anawaona mmene anaimira, n'kuwauza mwachifundo kuti zimachitika, ena amasiyadi. Koma ndani amasiya malo pamtunda? Amakiyi anaimba foni kuofesi yakumeneko mpaka alembi anazolowera mawu awo. Yankho linali lomwelo: palibe wasiya, mayi, tikuuzani.

Pamapeto pake anavala diresi lawo labwino n'kukagogoda kwa ahedi awo. Munthu amene sanapemphepo kanthu pasukulupo anaima manja ali kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi foni.

"Ahedi, ndalakwa ndine. Mwana alibe mlandu. Ngakhale pansi agona, m'kachipinda kanga momwe."

Ahedi anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Matroni, mabedi mumayala ndinu, mukudziwa kuti adzaza. Ndipo ndikalowetsa wanu wosalemba mayeso, ndiwauza chiyani makolo amene ana awo analemba n'kutsala? Ndinakuimitsani pakhonde paja. Chikanakhala cha ine ndekha..." Sanamalize. "Wina akadzachoka m'kati mwa chaka tidzaona. Koma musaike mtima pamenepo."

Chotsala chinali sekondale yoyendera ya kuseri kwa depoti ya mabasi, kumapeto ena a tauni. Ana kumeneko ankakhala atatu pa desiki, ndipo njira yake inkadutsa pamalo ochapira magalimoto, pamene anyamata amaimbira likhweru chilichonse chovala siketi. Mnansi wina, pofuna kuthandiza, anati ali ndi mbale wake pafupi ndi depotiyo amene amachititsa lendi tizipinda kwa ana a sukulu. Amakiyi anamuyang'ana mpaka mnansiyo anakumbukira kuti wasiya madzi pamoto.

Bambo a Kachala sananene kuti ndinkanena ine. Bola akananena. Patapita masiku angapo, adalaivala anabwera ndi njinga, n'kumangirira bokosi lobiriwira lija pakaliyala, loti mwana wawo akalowe nalo m'hositelo. Pakona panatsala chidindo chake pafumbi. Kachala anasesapo yekha, osafunsa kanthu.

Loweruka lomaliza la tchuthi, masana, Kachala ankasita yunifolomu ya sukulu yoyendera patebulo la pakhonde. Amakiyi anakhala pampando akusokerera batani. Makina a kushedi anali chete, bambo atapita kukaika geti kwinakwake.

"Amayi," anatero mwanayo osadzutsa mutu, "kodi ndikanakuchititsani manyazi kudambo?"

Singano inaima.

"Ukuti chiyani?"

"Ndimaganiza kuti mwina simunafune kuti anzanu akuntchito azindiona. Kapena kuti ndizikusokonezani."

Ha! Mwana anasenza zimenezo miyezi yonseyi, yekhayekha. Kwa nthawi yoyamba, Amakiyi analankhula. Ananena za mwana wa akhuki, za matiresi onyowa ndi siketi yodulidwa. Ananena za makoma a zimbudzi. Ananena za tsiku lotseka kulembetsa, za chikwama, za mawu a kuseri kwa mabulangete. Mawu ankatuluka mokhotakhota, osati ngati a m'hositelo aja.

"Amandida, mwana wanga. Onse. Akanakulipiritsa iwe. Ndimakuteteza."

Kachala anaimika simbi. Sanalire. Anawayang'ana nthawi yaitali ndi maso a bambo ake, ofatsa.

"Mukanandiuza, ndikanasankha ndekha. Ine ndimafuna kudambo, amayi. Osati chifukwa choopa pamtunda. Ndimafuna ndizikuonani m'mawa, ngakhale mukukalipa."

"Sukuwadziwa atsikana amene aja."

"Mwina. Koma amakudani chifukwa cha zimene mumawachita, si choncho? Kuwerenga mafoni awo pagulu. Ndinamva kalekale, kumsika amanena." Anatembenuza siketi patebulo. "Ndiye munaona kuti chapafupi ndi kunditsekera ine kunja, kusiyana ndi kusiya zimenezo?"

Amakiyi ankadziwa kuti mwanayo sakuchita mwano. Wafunsa funso basi, monga amachitira m'kalasi. Iwo anaweramira batani lija, ulusi osauona bwino.

Lamlungu atsikana anafika kudambo ndi makolo awo, magalimoto ndi njinga ndi katundu pamutu. Amakiyi anagwira ntchito tsiku lonse, kuonetsa atsopano mabedi awo, kulandira mankhwala a odwaladwala, kuthamangitsa amayi okakamira pakhomo akulira kuposa ana awo. Anagona komweko monga mwa nthawi zonse.

Lolemba m'mamawa anadzutsa atsikana, n'kupempha mlonda kuti ayang'anire pang'ono. Anatuluka pageti mothamanga, mpango uli m'manja. Anamupeza Kachala atatseka kale chitseko, bambo ake atalawirira ku ntchito, yunifolomu yatsopano ikumukulira m'mapewa, chikwama kumsana, botolo la madzi m'manja. Kunali kukuyera kumene, ndipo ulendo wa kudepoti unali wautali.

"Dikira, ndikuperekeze. Tsiku loyamba sungapite wekha. Ndikaonenso njira yake, ndikalankhule ndi aphunzitsi ako."

Kachala anaika kiyi pansi pa mwala pamene bambo ake amaipeza. Anawongoka, n'kukonza lamba wa chikwama.

"Musavutike, amayi. Njira ndikuidziwa, ababa anandionetsa dzulo. Bwererani, ana anu akukudikirani."

Sananene mokwiya. Ananena mwaulemu, monga amauzira mlendo kuti mseu wa kumsika ndi uwu. Kenako anatsika pakhonde n'kuyamba kuyenda. Amakiyi anaima pamenepo ndi mpango wawo, akumuyang'ana akudutsa pashedi, pa mpopi, mpaka anakhota pa nyumba ya njerwa zosapaka, osacheuka.